Kamera ya maso awili: gulani imene ingakwele nanu minibasi

Acinyamata ena mu Lusaka ayambanso kufuna makamera a filimu, maka-maka aja a maso awili amene ojambula akale anali kugwila pa mimba n'kuyang'ana pansi. Ife tikuti ni nkhani yabwino. Foni ikapita na kawalala pa Kulima Tower, zithunzi za ana na za cikwati zimapita nayo, koma negetivu ya filimu imakhala mu kabati zaka makumi. Vuto ni lakuti ambili amathamangila dzina n'kuononga ndalama.

Dzina lomwe aliyense amalakalaka ni Rolleiflex ya ku Germany, imene inayamba kupangidwa mu 1929. Magalasi ake a Planar na Xenotar ni akuthwa zoona, koma mtengo wake ungakulipilileni lendi miyezi ingapo, ndipo ikafa, wokonza mumupeza kuti? Mamiya C330 nayo ni yabwino, mungasinthe na magalasi, koma ilema pafupifupi makilo 1.7. Manje ganizilani muli anayi pa mpando, ba kondakita akuti "fendelani", imwe muli na njelwa pa mendo.

Kwa munthu wa mu minibasi, ife tisankha Rolleicord kapena Yashica Mat-124G. Rolleicord ni mng'ono wake wa Rolleiflex, siifika kilo imodzi, ndipo galasi lake la Xenar likakhala pa f/8 limaonetsa na ulusi wa citenge. Yashica ya ku Japan, yomwe inapangidwa kuyambila 1970 mpaka 1986, ilema kilo imodzi na pang'ono. Koma apa cenjelani: welengani dzina pa galasi. Yashinon ili na magalasi anayi mkati ndipo ni yakuthwa. Yashikor, ya pa mitundu ina yochipa, ili na atatu cabe, m'mbali mwa cithunzi mumafooka. Minolta Autocord galasi lake ni labwino maningi, koma kacitsulo kosunthila fokasi kamathyoka msanga.

Diso la pamwamba ni loonela cabe, lojambula ni la pansi. Ndiye la pansi limenelo muliunike na toci ya foni, kamera ili yotsegula kumbuyo. Mukaona tumizele monga ndandaule, ni nkhungu imene yamela na cinyontho, isiyeni ngakhale wogulitsa alumbile bwanji. Yesaninso shata pa sekondi imodzi. Ikakakamila, mafuta anauma. Mita ya kuwala ya Yashica isakuvuteni, mabatile ake a mercury analeka kupangidwa, foni yanu ingapime kuwala.

Filimu yake ni ya 120, ndipo imapatsa zithunzi 12 cabe, ciliconse masentimita 6 uku na uku. Siipezeka mu shopu iliyonse, ndiye mukalibe kupeleka ndalama ya kamera, funsani coyamba kumene mudzagula filimu na amene adzakutsukilani. Ndipo tsiku loyamba musadabwe: pa galasi loonela, basi yopita kumanja imaoneka ipita kumanzele.