Digicel itafika ku Jamaica

Kale ku Jamaica munthu ankadikira mpaka kutopa kuti Cable & Wireless imulumikizire foni yapanyumba, poti kunalibe kwina kopita. Boma litatsegula msika, Digicel, kampani yomwe adayambitsa Denis O'Brien wa ku Ireland, idayamba ntchito mu Epulo 2001 n'kukokolola makasitomala 100,000 m'masiku pafupifupi 100 okha. Inkalipiritsa pa sekondi, choncho wongofunsa mtengo wa nsomba n'kudula foni sankalipira mphindi yathunthu. Netiweki nayo idakwera mpaka kumidzi ya kumapiri. Chokhumudwitsa n'chakuti mpikisano wa makampani atatu a foni zam'manja, Cable & Wireless, Digicel ndi Claro, sudakhalitse. Mu 2011 Digicel idameza Claro, ndipo chilumba cha anthu osakwana 3 miliyoni chidatsala ndi makampani awiri a foni zam'manja.