Zilembo zaminyanga zikhale pamutu pokha

Bambo Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera patsamba lino pa za zilembo zimene anyamata a makompyuta akugwiritsa ntchito posindikiza zidziwitso za kumpingo, ndondomeko za maliro ndi makalata oitanira anthu ku ukwati.

Ndikunena zilembo zonenepa zija, zakuda bii, zangodyangodya ndi timinyanga. Sindikuzinyoza ayi, ndipo sizidayambe lero. Baibulo limene Johannes Gutenberg adasindikiza ku Mainz, m'dziko la Germany, cha m'ma 1455, lidali la zilembo zotere potsanzira alembi a pamanja a nthawiyo. Ajeremani adazigwiritsa ntchito m'mabuku awo kufikira 1941 pamene boma lawo lidalamula kuti zilekeke. Nyuzipepala ya The New York Times imalembabe dzina lake ndi zilembo zimenezi, koma nkhani zam'kati imalemba ndi zilembo wamba. Eni ake amadziwa kuti chilembo chonenepa chili ngati belu la pasukulu: chimaitana munthu ali patali. Kodi ana akalowa m'kalasi, mphunzitsi amawaphunzitsa ndi belu?

Kwathu kuno zatembenuka. Tsamba lonse, kuyambira dzina la malemu, mbiri yawo mpaka manambala a nyimbo, lingokhala minyanga yokhayokha. Agogo amene adaphunzira kuwerenga kusukulu yakwacha amangolitembenuza n'kulipinda. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chichewa chathu ndiye chimavulala kwambiri. Zilembo zikathithikana, kachizindikiro kam'mwamba kaja kamene timalemba mu "ng'ombe" ndi "m'mudzi" kamabisika. Kakasowa, ng'oma yoimba ija imasanduka ngoma, nyama yakutchire. Ndiponso zambiri mwa zilembo zokongoletsazi zilibe ŵ, choncho makina amasiya mpata kapena kubwereka chilembo chamtundu wina.

Nawo Angerezi adaliona vutoli. Pamene Jock Kinneir ndi Margaret Calvert ankakonza zikwangwani za m'misewu ya ku Britain kuyambira 1957, adasankha zilembo zosalala, nasakaniza zazikulu ndi zazing'ono, poti diso limazindikira msanga maonekedwe a liwu lonse. Ngati woyendetsa galimoto wamaso akuthwa adamuganizira chotere, nanga nkhalamba yowerenga ndi nyali?

Pempho langa kwa abusa, ansembe ndi alembi a mipingo ndi ili: zilembo zonenepa zikhale pamutu pokha, mawu atatu kapena anayi basi. Tsiku, nthawi, malo ndi mayina zilembedwe ndi zilembo wamba. Musanalipire wosindikiza, perekani pepala limodzi kwa gogo ndi kwa mwana wa Sitandade 3 kuti awerenge mokweza. Akakakamira, libwezeni akakonzenso. Ndalama zake ndi zopereka za anthu omwewo amene akulephera kuwerengawo.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Ntcheu.