Sitima ina imadikiritsa, ina siidikira munthu

Fodya akagulitsidwa, mbatatesi za ku Tsangano zikakwera malole, nkhani imene imamveka m'midzi ya ku Chidzolomondo ndi ya malata, njinga yamoto ndi ng'ombe. Koma zaka zino pabwera nkhani inanso. Ana amene ali ku Joni akumatumiza zithunzi pa foni ali m'sitima ya pamadzi yaitali ngati phiri, ndipo ena akumalonjeza makolo ao kuti chaka chamawa adzawakweza. Palinso alimi, aphunzitsi ndi magulu a amai a ku tchalitchi amene akumafunsa za sitima ya Ilala ya pa nyanja ya Malawi, imene ku Mozambique kuno imatchedwa Niassa.

Chilakolako chimenechi si chachibwana ai. Anthu ambiri a m'maboma a Macanga ndi Tsangano anakhala zaka ku Dedza ndi ku Ntcheu pothawa nkhondo kufikira mtendere wa 1992, koma nyanja, imene inali kumunsi kwa mapiri omwewo, sanaione ndi maso. Munthu amene walima zaka makumi atatu ali ndi ufulu wofuna kuona madzi opanda tsidya. Chofunika ndi chakuti ndalama ya thukuta isapite pachabe, pakuti sitima ziwirizi zimasiyana kwambiri kagulidwe ka tikiti yake, ndipo wosokoneza ziwirizi amalira.

Yapafupi ndi Ilala. Sitimayi inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow m'dziko la Scotland. Inabwera yophwasulaphwasula, inatsitsidwa pa doko la Beira, ndipo zitsulo zake zinayenda pa njanji imene imaoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana ku Mutarara, m'chigawo chomwe chino cha Tete. Itamangidwanso inayamba ntchito mu 1951. Dzina lake ndi la dera la Ilala ku Zambia kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873, ndipo ndi lachiwiri kutchedwa motero, chifukwa Ilala yoyamba inali kasitima ka amishoni a ku Scotland kamene kanakwera Zambezi ndi Shire nkulowa m'nyanja mu 1875. Ilala ya lero ndi yotalika mamita 52, imanyamula anthu oposa 300 pamodzi ndi katundu wambiri, ndipo injini zake zinasinthidwa m'zaka za 2012 ndi 2013.

Wofuna kukwera ayambe wadziwa kuti Ilala siinapangidwire anthu okasangalala. Ndi basi ya anthu a m'mbali mwa nyanja ndi a pa zilumba. Imanyamula matumba a chimanga, simenti, malata, usipa wouma, nkhuku, odwala ndi ana a sukulu. Azungu oyendera malo amaikonda kaamba ka zomwezo, koma iwo ndi okwera chabe monga wina aliyense. Kwa zaka zambiri ndondomeko yake yakhala yonyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, kudzera ku Nkhotakota, zilumba za Likoma ndi Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe, kukafika ku Chilumba Lamulungu, mtunda wa makilomita pafupifupi 480, ndi kubwereranso ku Monkey Bay Lachitatu. Zimenezo ndi za pa pepala. Katundu akachuluka pa doko limodzi sitima imachedwa maola ambiri, ndipo chitsulo cha zaka zoposa 70 chimagonekedwa kawirikawiri kuti chikonzedwe, mwina milungu ingapo. Motero munthu asatuluke m'mudzi asanaimbe foni ku ofesi ya sitima ku Monkey Bay ndi kumva ngati ikuyenda sabata imeneyo. Safunsa anadya phula.

Pamene pagona nkhani ndi posankha malo. Sitimayi ili ndi makalasi angapo, ndipo onse amafika nthawi imodzi, koma safika ali chimodzimodzi. Pansi penipeni ndi malo otsika mtengo, pafupi ndi injini, pamene anthu amakhala pa mabenchi ndi pa katundu wao, mothithikana, m'fungo la nsomba ndi dizilo. Kwa munthu wa geni amene akupita doko lotsatira, malo amenewa ndi okwanira. Kwa agogo amene akuti akapume, kuwaika pamenepa masiku atatu ndi chilango. Kalasi yachiwiri ili ndi mipando yofewerako. Pamwamba pa sitima pali bwalo la kalasi yoyamba, lapamtetete, lokhala ndi bala, pamene munthu amagona pa matiresi obwereka akuona nyenyezi. Kenaka pali timazipinda ta mabedi, tochedwa makabini, towerengeka ndi zala.

Pa malo onsewa, oyenera kusungitsa kudakali nthawi ndi makabini okha, chifukwa amatha msanga. Tikiti ya malo enawo imagulidwa pa doko kapena m'sitima momwemo kwa kalaliki wa sitimayo. Choncho munthu wina akafika m'mudzi kapena pa msika wa Lizulu nkumati akugulitsa matikiti a Ilala, ameneyo angomuwerengera m'gulu la ogulitsa mankhwala ochulukitsa ndalama. Kwa mlimi wa thumba lapakatikati, bwalo lapamwamba ndilo labwino koposa. Mtengo wake ndi wotsikirapo kuyerekeza ndi kabini, mpweya ndi wabwino, ndipo chimene munthu wadzera, ndiko kuona nyanja, chili pomwepo usana ndi usiku. Angotenga bulangeti lochindikala, pakuti mbandakucha wa pa nyanja umazizira ngati wa ku Furancungo. Chakudya chimagulitsidwa m'sitima, nsima ya nyemba kapena nsomba pansi, cha mtengo wokwererapo kumwamba, ndipo sichiwerengedwa m'tikiti ya munthu wa pa bwalo.

Sikofunikanso kuyenda ulendo wonse. Ambiri amatsikira ku Likoma, chilumba cha Malawi chimene chazingidwa ndi madzi a Mozambique, moyang'anana ndi Cóbuè ku Niassa. Kumeneko kuli tchalitchi chachikulu cha St Peter's cha mpingo wa Anglican, chimene anayamba kumanga mu 1903, ndipo munthu angathe kugona masiku awiri kapena atatu kudikira sitima ikamabwerera kummwera. Opitirira kumpoto adziwe kuti m'madoko ang'onoang'ono monga Usisya ndi Ruarwe sitima imaima patali, anthu amatsikira m'mabwato a injini, nthawi zina usiku, ndipo pomaliza amaponda m'madzi. Wokalamba kapena mai wa khanda aganizirepo bwino.

Tsono pali nkhani ya mphepo, imene anthu a kumapiri saidziwa. Ndalama ya fodya imalowa m'thumba nthawi yachisanu, ndipo imeneyo ndiyo nthawi ya mwera, mphepo ya kummwera imene imalimba kwambiri mu Juni, Julaye ndi Ogasiti. Mwera ukauka nyanja imasanduka mapiri, ndipo munthu amene sanakwerepo ngakhale bwato amasanza mpaka kulumbira kuti sadzabwereranso. Anthu a ku nyanja saiwala za sitima ya Vipya imene inamira pa 30 Julaye 1946 kufupi ndi Chitimba, nkupha anthu 145. Ilala yapirira mwera zaka zonsezi, koma mimba ya mlendo siipirira. Ndi bwino kumanga ndalamayo pa mfundo kufikira Sepitembala kapena Okutobala pamene nyanja imadekha, ngati pali wina wotsala kuthirira nazale ya fodya.

Njira yake ndi yodziwika: kutulukira pa chipata cha Calómuè kulowa Dedza, kapena pa Biriwiri kulowa Ntcheu, kutsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere kukafika ku Golomoti, kenaka Monkey Bay. Kudumpha malire pa tinjira ta m'munda pokagula sopo ndi nkhani ina, koma pa ulendo uwu pafunika pasipoti yodindidwa pa chipata, chifukwa m'misewu muli ma rodibuloko. Ndalama zikhale makwacha okwanira kupita ndi kubwerera, kuphatikizapo za malo ogona ngati sitima yachedwa. Ndi nzeru kufika ku Monkey Bay Lachinai.

Sitima ya m'zithunzi za ana a ku Joni ndi nyama ina. Imeneyo ndi hotela yoyandama, yonyamula anthu oposa 2,000, yokhala ndi malo odyera, osambira ndi oonera magule. Kampani yodziwika kwambiri pa ntchitoyi ku South Africa ndi MSC, imene sitima zake zimanyamukira pa doko la Durban m'miyezi ya dzinja, kuyambira cha mu Novembala kufikira cha mu Epulo. Chosekesa ndi chakuti maulendo ake ambiri aafupi, a masiku atatu kapena anai, amapita ku Mozambique konkuno: ku Ilha dos Portugueses kufupi ndi chilumba cha Inhaca ku Maputo, ndi ku Pomene m'chigawo cha Inhambane. Munthu wa ku Macanga amakwera basi kudzera ku Tete, Cuchamano, Harare, Beitbridge ndi Johannesburg kukafika ku Durban, kuti sitima ikamuonetse mchenga wa dziko lake lomwe. Komabe amene anapitako sadandaula, poti chokoma ndi sitimayo.

Kuno zonse zimachitika mosemphana ndi Ilala. Palibe zogula tikiti pa doko. Malo amasungitsidwa miyezi ingapo ulendo usanafike, ku kampani yeniyeniyo pa intaneti kapena ku ofesi yovomerezeka yokonza maulendo. Munthu amayamba wapereka chikole, zotsala amamaliza tsiku loikika lisanakwane, ndipo wosintha maganizo mochedwa amataya gawo la ndalama kapena zonse. Mtengo umakwera malo akamatha, makamaka pa Khirisimasi ndi pa tchuthi cha sukulu. Chipinda chotsika mtengo ndi cha m'kati chopanda zenera, chotsatira chili ndi zenera, chodula chili ndi kakhonde. Pa ulendo wa masiku atatu chipinda cha m'kati ndi chokwanira, chifukwa munthu amangolowamo pokagona.

Msampha uli pa nambala yaikulu yolembedwa pa chithunzi chotsatsa malonda. Kawirikawiri nambalayo ndi ya munthu mmodzi pamene awiri akugona chipinda chimodzi, kotero bambo ndi mai amalipira kawiri, ndipo woyenda yekha amalipira zoonjezera. Chakudya ndi zisangalalo zambiri zili m'kati mwa mtengowo, koma mowa ndi zakumwa zina zimalipiridwa padera. Pamakhalanso msonkho wa doko, inshuwalansi ndi ndalama ya antchito a m'sitima, zimene otsatsa ena amaphatikiza pa mtengo, ena amabisa m'timalemba tating'ono kumunsi. Mwana amene akulipirira makolo ake afunse funso limodzi: zonse pamodzi, kufikira tsiku lotsika, ndi marandi angati? Yankho lake alilandire lolembedwa. Pamwamba pake aonjeze basi yopita ndi kubwerera, imene nthawi zina imadya ndalama yofanana ndi ya sitimayo.

Akuba nawo sanagone. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pamayenda zithunzi za sitima zenizeni ndi mitengo yogwetsa mate, pamodzi ndi mau akuti malo atsala awiri okha, ndalama itumizidwe lero pa foni ya munthu. Kampani yoona imapereka nambala ya malo osungitsidwawo, imene munthu angathe kuitsimikiza ku kampani ya sitimayo, ndipo dzina lolembedwa pa tikiti liyenera kufanana chilembo ndi chilembo ndi la m'pasipoti. Apa anthu a m'malire achenjere, popeza ambiri ali ndi dzina limodzi lolembedwa kuwiri, lina mwa Chipwitikizi lina mwa Chichewa. Pasipotiyo isakhalenso yotsala pang'ono kutha, makampani ambiri amafuna kuti itsale ndi miyezi 6.

Ndipo sitima imeneyi siidikira. Ilala imasunga munthu pa doko usiku wonse, koma ya ku Durban ikati ikunyamuka madzulo imanyamukadi, ndipo amene basi yake yachedwa pa mzere wa ku Beitbridge amapeza madzi okhaokha, ndalama osabwezedwa. Wochokera kutali chotere afike ku Durban kudakali tsiku lathunthu.

Chovuta china kwa mlimi ndi chakuti nyengo ya sitimayi ndi nyengo yodzala, yopalira ndi yothyola fodya. Januwale mpaka Malichi ndi nthawinso ya namondwe m'nyanja ya mchere, monga anthu akumbukira Idai mu 2019 ndi Freddy mu 2023. Nyanja ikawinduka kaputeni ali ndi mphamvu yosintha njira, ndipo popeza pa Ilha dos Portugueses ndi ku Pomene anthu amatsikira m'timabwato, mafunde akakula palibe amene amaloledwa kutsika. Banja limene lili ndi dimba ndi chigafa lingachite bwino kufunsa za maulendo a kumapeto kwa nyengoyo, cha mu Epulo, chimanga chitakhwima m'munda.