Maginito Sabwezeretsa Mitsempha Yowonongeka

Mwina nanunso mwaimva nkhani yomwe ikufalikira yakuti makina a maginito oikidwa pamutu akuchiritsiratu dzanzi ndi ululu wa m'mapazi wobwera ndi mankhwala a khansa. Ine ndikuti ayi, nkhaniyi yathiridwa mchere wambiri.

Vutolo lilipodi. Mankhwala monga vincristine ndi paclitaxel, omwe kwathu kuno amaperekedwa kwa odwala khansa ya Kaposi, amawononga timitsempha ta kunsonga kwa zala. Wodwala amamva ngati waponda pamakala, patapata amavuka osadziwa, kumanga batani la malaya kumasanduka ntchito yaikulu.

Makinawonso si nthano. Anthony Barker ndi anzake anawayambitsa ku Sheffield mu 1985, ndipo ku America anawavomereza mu 2008 pothandiza odwala matenda a kukhumudwa. Pofuna kuchepetsa ululu, dokotala amagunditsa chipangizo pamutu, chimalira kuti tha! tha! tha!, mphamvu ya maginito n'kudutsa chigaza kukadzutsa mbali ya ubongo yoyendetsa ziwalo. Ena ululu umawachepera.

Koma tamvetsetsani: chilonda chili kuphazi, makina akugogoda kumutu. Amangogonetsa ululu, mtsempha wowonongekawo saukonza. Mpumulowo umazirala pakapita masiku kapena milungu, munthu n'kubwereranso pampando womwewo. Ndipo kafukufuku wokhudza odwala khansa enieniwo wachitika pa anthu ochepa kwambiri. Bungwe la madokotala a khansa ku America, ASCO, mu malangizo ake a 2020 linangolimbikitsa mankhwala amodzi okha, duloxetine, ndipo nawonso amangochepetsa ululu pang'ono. Kwa amene amagwa khunyu kapena ali ndi chitsulo m'mutu, makinawa angakhale oopsa.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi amalonda oyenda ndi zibangili ndi malamba a maginito, omwe apezerapo mpata. Kachitsulo ka padzanja ako sikagwirizana n'komwe ndi makina a m'chipatala aja. Ndalama yanu ingopita.

Inu amene muli pa mankhwala a khansa, kapena mukudwazika mayi kapena mwana, dzanzi likangoyamba, kanenani kwa adokotala tsiku lanu lopita kuchipatala, musadikire kuti lifike m'mawondo. Iwo angachepetse mlingo kapena kusintha mankhwala mitsempha isanawonongekeretu. Koma chonde, musasiye mankhwalawo panokha.