Mlandu si wa mnyamata amene anadina batani

Makompyuta a banki kapena a kampani ya mafoni akagwa, anthu pa mzere n'kumauzidwa kuti "netiweki palibe", m'chipinda cha mabwana mumamveka funso limodzi: wagwira makinawo ndani? Dzuwa lisanalowe amakhala atam'peza. Kawirikawiri amakhala injiniya wamng'ono amene anagwira ya usiku. Amapatsidwa kalata yomuchenjeza, mwina kuchotsedwa kumene, mabwana mitima n'kukhala pansi. Khalidwe limeneli ndi la mantha, ndipo ndi lomwe limachititsa kuti makinawo adzagwenso.

Pa 1 Ogasiti 2012 kampani ya Knight Capital ya ku America, yochita malonda a masheya, inataya madola pafupifupi 440 miliyoni m'mphindi 45 zokha. Kampaniyi inali ndi maseva 8 otumiza maoda ku msika. Munthu amene ankaika pulogalamu yatsopano anaiika pa maseva 7, imodzi n'kuidumpha. Pa seva yodumphidwayo panagona pulogalamu yakale yotchedwa Power Peg, imene anasiya kuigwiritsa ntchito mu 2003 koma osaichotsa. Msika utatsegulidwa, pulogalamuyo inadzuka n'kuyamba kutumiza maoda osalekeza.

Wofuna munthu womuloza chala wam'peza kale pamenepa. Koma bungwe la SEC, loyang'anira misika ya masheya m'dzikolo, litafufuza linalipiritsa kampaniyo madola 12 miliyoni mu 2013, ndipo zimene linapeza zikuloza kumtunda. Panalibe lamulo loti munthu wachiwiri aone ntchito ya mnzake. M'mawa wa tsikulo, msika usanatsegulidwe, makina anatumiza maimelo 97 osonyeza kuti pali cholakwika, ndipo palibe anachitapo kanthu. Mutu umodzi susenza denga, koma kampani yoyendetsa mabiliyoni inasenzetsa munthu mmodzi denga lonse. Amavomereza ndalama zolembera munthu wachiwiri ndani? Amapereka nthawi yochotsa zakale zimene zagona zaka 9 ndani? Ndi bwana.

Tsopano onani za kampani ya GitLab. Pa 31 Januwale 2017 injiniya wawo, akugwira ntchito usiku atatopa, anafufuta nkhokwe yeniyeni ya deta poganiza kuti akufufuta yachiwiri. Pomwe amazindikira n'kuti pafupifupi 300GB zitapita. Atathamangira ku ma backup anapeza kuti mwa njira 5 zimene ankadalira panalibe imene inkagwira ntchito moyenera. Ina inali ikulephera mwakachetechete, ndipo maimelo odziwitsa za kulepherako sankafika kwa munthu. Chinawapulumutsa ndi kope limene linatengedwa maola 6 m'mbuyomo. Kampaniyo sinabise. Ntchito yobwezeretsa inaonetsedwa pa YouTube ikuchitika, kenako analemba poyera zonse zimene zinalakwika ndi zoti zikonzedwe. Akanangom'thamangitsa injiniyayo, njira 5 zija zikanakhalabe zakufa, kudikira wotopa wina.

Ena anena kuti ndikulekerera aulesi. Ayi. Wodumpha dala ndondomeko imene ilipo, yolembedwa, ayankhe mlandu wake. Koma pamalo pamene kulakwitsa n'kuthamangitsidwa, anthu amaphunzira kubisa. Injiniya akaona chinthu chokayikitsa 2 koloko usiku amangotseka pakamwa, n'kumapemphera kuti chiphulike iye ataweruka. Bwana amadzamva za vutolo kwa makasitomala okwiya.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya kukwezedwa pa ntchito. Wopanga app yatsopano amajambulitsa ndi akuluakulu pa tsiku loikhazikitsa, chaka chikamatha dzina lake lili pamwamba. Nanga uja amakhala Loweruka lonse akuyesa ngati backup ingabwezeretsedi deta? Uja amagona foni ili pafupi ndi khutu, amene amachotsa mapulogalamu akale n'kulemba ndondomeko yoti mnzake adzatsate iye akadwala? Ntchito yake ikayenda bwino palibe chimachitika, ndiye palibenso chomuyamikira. Achinyamata anzeru amaona zimenezi msanga. Amathawira ku zatsopano kapena kunja, makina amene asunga malipiro a anthu n'kutsala m'manja mwa munthu mmodzi wotopa, wosapita kutchuthi chifukwa palibe wina akudziwa kumene zinthu zili.

Inu mabwana oyang'anira mainjiniya, lembani m'ndondomeko yokwezera anthu kuti wosamalira makina amakwera mofanana ndi wopanga zatsopano. Lipirani maola a usiku. Ikani tsiku pa kalendala loyesa kubwezeretsa deta, ndipo inuyo mukhalepo. Makina akagwa, lipoti lifotokoze chimene chinalola kuti dzanja limodzi ligwetse zonse, ndipo pansi pake pasainidwe dzina lanu.