Mimba ikangolira, tonse ku Flagyl

Ku Kitwe ndi ku Ndola kuno tili ndi chizolowezi chimene chimandidetsa nkhawa. Munthu mimba ikangolira, kapena wapita kuchimbudzi kawiri m'mawa, za kuchipatala saziganiza. Amatuma mwana kukagula Flagyl, timapilitsi tingapo tokulunga m'kapepala, ati atsuke m'mimba. Mawu amenewa ndimawamva pamsika wa Chisokone, ndimawamva m'minibasi za ku Chifubu, ndipo azakhali anga amasunga mapilitsiwo m'chitini chimodzi ndi singano ndi mabatani.

Flagyl ndi mankhwala abwino akapeza nthenda yake. Amapha ena mwa tizilombo totchedwa ma protozoa, tamoyo ta selo imodzi, tokulirapo kuposa mabakiteriya koma tosaoneka ndi maso. Kuno timawadziwa ngati akupha, ndipo m'pomveka. Malungo ndi iwo. Cha m'ma 1930 malungo ankatha anthu pamgodi wa Roan Antelope ku Luanshya, mpaka eni mgodi anaitana Malcolm Watson, amene analangiza kuumitsa madambo ndi kuwongola mtsinje kuti udzudzu usowe poswera. Kaodzera, wobwera ndi kashembe, ndi iwonso. Bungwe la Tropical Diseases Research Centre, limene linayamba mu 1975 pachipatala chachikulu cha Ndola, lakhala likulimbana ndi matenda amenewa.

Koma si onse a fuko limeneli amene ali adani, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo. Dokotala akati "muli ndi amoeba", ambiri timaganiza za kamwazi. Wa kamwaziyo dzina lake ndi Entamoeba histolytica, amene amaboola matumbo ndipo nthawi zina amakafika kuchiwindi. Ali ndi mbale wake, Entamoeba dispar, amene amangokhala phee m'matumbo osavulaza munthu. Pa maikulosikopu awiriwa sungawasiyanitse, ndipo mpaka 1993 ankatengedwa ngati mtundu umodzi. Wosalakwayo ndiye amapezeka mwa anthu ambiri. Ganizirani mapilitsi angati amene tamwa pothamangitsa mlendo woti sanatilakwire.

Ndipo Flagyl sasankha. Amapha pamodzi ndi mabakiteriya ambiri a m'matumbo amene amatithandiza kugaya zakudya ndi kutchinga tizilombo toipa. Ndi ngati kutentha dimba lonse chifukwa waona mbewa imodzi.

Ofufuza atayeza chimbudzi cha anthu a m'midzi ya ku Cameroon, anapeza mu 2015 kuti amene anali ndi Entamoeba anali ndi mitundu yambiri ya mabakiteriya m'matumbo, chinthu chimene nthawi zambiri chimayenda ndi mimba yathanzi. Mu 2024 kafukufuku wa anthu pafupifupi 57,000 a m'mayiko 32 anaonetsa kuti kachilombo kena, Blastocystis, kamapezeka kwambiri mwa anthu odya ndiwo zamasamba ndi zakudya zosakonzedwa m'fakitale, ndipo anthuwo sanali onenepa mopitirira. Ine izi zimandikhudza, chifukwa kwa zaka zambiri mimba ya munthu wa ku London ndiyo inkatengedwa ngati muyezo, ya wodya chibwabwa ndi nyemba n'kumaoneka ngati yauve. Ng'ombe nayo ikamabzikula, m'chifu mwake mumakhala ma protozoa miyandamiyanda othandiza kugaya udzu.

Wina asandimve molakwa kuti tizimwa madzi a m'ngalande. Mdani weniweni wa ana athu alipo, ndipo chowawa n'chakuti Flagyl samukhudza n'komwe. Dzina lake ndi Cryptosporidium. Amalowa ndi madzi okhudzana ndi chimbudzi cha munthu kapena cha thole, ndipo mwana amatsegula m'mimba masiku ambiri, kuonda, maso kulowa m'kati. Chigoba chake n'cholimba moti klorini amene timathira mu ndowa samupha. Mu 1993 anadwalitsa anthu oposa 400,000 mumzinda wa Milwaukee ku America, kudzera m'madzi a m'mipopi. Kwathu kuno, Beatrice Amadi, Paul Kelly ndi anzawo anayesa mankhwala a nitazoxanide pa ana ogonekedwa ku University Teaching Hospital ku Lusaka, ndipo zotsatira za mu 2002 zinaonetsa kuti anathandiza ana opanda HIV, koma amene anali nayo sanapindule.

N'chifukwa chake mtima umandiwawa mipopi ikauma. Mu February 2025, damu la zinyalala za mgodi litaphulika ku Chambishi n'kuthira asidi mu Mwambashi ndi mu Kafue, madzi anatsekedwa ku Kitwe. Mipopi ikauma chonchi, mayi amapita kuchitsime chosaya cha kuseri kwa nyumba, mapazi ochepa kuchokera pachimbudzi chokumba, chifukwa mwana sangadikire. Makala ndi okwera mtengo, ndikudziwa, koma madzi a mwana wamng'ono awire ndithu mpaka kubwata kwa mphindi imodzi. Akayamba kutsegula, mpatseni ORS ndi zinc, ndipo apitirize kuyamwa. Mukaona magazi m'chimbudzi, kapena mwana wafooka, m'berekeni mupite naye kukiliniki tsiku lomwelo, akamuyeze ndi kumulembera mankhwala oyenera.