Fungo la Fodya m'Zovala za Khanda

Mwezi uno nkhani yathu yachokera m'phukusi.

Phukusilo lidafika kuno ku Kande kuchokera ku Johannesburg, monga afikira mapukusi ambiri m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, pakuti kuyambira masiku a agogo athu anthu a m'boma la Nkhata Bay akhala akupita kumwera kukafuna ntchito, ndipo saiŵala kwao. Wolandira anali mai wina wachitsikana wa mumpingo mwathu, amene anali atangobereka mwana wake wachisamba. Wotumiza anali mlamu wake, munthu wa mtima wabwino ndithu. M'phukusimo munali timalaya, tizipewa, timasokosi, mashawelo aŵiri, kajekete kokhuthala ndiponso kadiresi koyera koyenera tsiku la ubatizo. Zonsezi zinali zovala zimene adakulira ana a mlamuyo, zosang'ambika ndi pang'ono pomwe. Koma atangomasula mfundo, nyumba yonse idadzaza ndi fungo la ndudu. Mlamuyo ngwosuta, ndipo kumene akhalako banja lonse limagona, kuphika ndi kusunga katundu m'chipinda chimodzi.

Maiyo adabwera nayo nkhaniyi kwa amai a Umanyano, nafunsa mmodzi wa akuluakulu kuti, “Ama, nditani ine? Ndikazitaya, alamu anga adzamva, ndipo adzati ndine wonyada. Ndikamuveka mwana, akuyetsemula. Ndachapa kamodzi ndi sopo, koma zikangotenthedwa ndi dzuŵa fungo lija labweranso.”

Mayankho adachuluka. Ena adati azithire mafuta onunkhira. Ena adati azitsekere m'sutikesi pamodzi ndi timibulu toyera tija tothamangitsira mphemvu. Agogo ena adangoseka nati fungo silidaphepo munthu, ndipo ife tonse tidakulira pa utsi. Ife taona kuti funsoli si la mai mmodzi yekha ai. Ambiri a ife timaveka makanda athu zovala za pa kaunjika, zogula pa Kande pomwe pano kapena pa msika wa Chintheche, ndipo palibe cholakwa pamenepo, pakuti mwana amakula msanga ndipo ndalama nzosoŵa. Koma belo likamasulidwa sitidziŵa nyumba imene kamalaya kalikonse kachokera. Mphuno yokha ndiyo imatiuza.

Tsono tiyambe tamvetsa chimene mphunoyo ikunena. Munthu akasuta m'nyumba, utsi wooneka ndi maso umatha m'kanthaŵi kochepa, koma mbali ina ya utsiwo imatsala. Nikotini ndi phula la fodya zimamatirira ku zipupa, ku makatani, ku tsitsi ndi ku ulusi wa zovala, ndipo zimakhala kumeneko miyezi yambiri, nkumatuluka pang'onopang'ono, makamaka kukatentha. Nchifukwa chake mai uja adaona fungo likubwerera padzuŵa. Lipoti la mkulu wa zaumoyo m'boma la America la chaka cha 2010 lidanena kuti mu utsi wa fodya muli mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa ameneŵa ndi odziŵika kuti amayambitsa khansa. M'chaka cha 2009 madokotala a ana a ku Boston, motsogozedwa ndi Jonathan Winickoff, adatchukitsa dzina la zotsalira zimenezi, nazitcha utsi wachitatu: woyamba ndi umene amameza wosuta mwini, wachiŵiri ndi umene amapuma okhala naye pafupi, wachitatu ndi uwu wotsala pa zinthu. Chaka chotsatira, akatswiri a ku Berkeley, ku California, adaonetsa kuti nikotini wotsalayo akakumana ndi mpweya wina wopezeka m'nyumba amasanduka mankhwala ena oopsa koposa.

Agogo aja sadaname ponena kuti ife tidakulira pa utsi, koma tikaŵerenga timanda ting'onoting'ono ta m'midzi mwathu tidzakumbuka kuti si onse adakula. Khanda si munthu wamkulu wochepa msinkhu. Munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi imodzi, pamene khanda lobadwa kumene limapuma ka 30 mpaka ka 60, ndipo mphuno yake ili pafupi penipeni ndi khosi la malaya usana ndi usiku. Khungu lake nlopyapyala. Chinanso, aliyense amene adalerapo mwana adziŵa kuti chilichonse chimene dzanja lake lagwira chimathera kukamwa: mkono wa malaya, chingwe cha chipewa, ngodya ya shawelo. Nsalu ya thonje, imene timaikonda chifukwa cha kufeŵa kwake, imamwa nikotini wambiri kuposa nsalu zoterera za poliyesita, ndipo nikotiniyo amasungunuka m'madzi. Malovu ndi thukuta la mwana ndi madzi omwewo. Sitikunena kuti mwana akavala kamalaya kotere tsiku limodzi ndiye kuti wadwala, ai. Tikunena kuti palibe chifukwa chomuyamwitsira zinthu zimene tingathe kuzichotsa ndi manja athu.

Ndipo kusungunuka m'madzi komweko ndiko mwai wathu. Chimene chingatuluke ndi malovu chingathenso kutuluka ndi madzi a m'chidebe, malinga tikhale ndi chipiriro.

Tsiku loyamba musachape. Tembenuzani zovalazo kunja kukhale m'kati, muzikutumule, muziyanike pa chingwe pamalo opita mphepo tsiku lathunthu. Kuno kwathu m'miyezi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mphepo imagwira ntchito imeneyi mwaulere. Madzulo ake tengani chidebe cha malita 20, muthiremo madzi ofunda mpaka pakati, musungunulemo theka la kapu ya soda yemwe uja timaphikira therere, ndipo muviikemo zovalazo usiku wonse. M'maŵa mudzaona madzi atasanduka achikasu ngati tiyi wosapsa. Tayani madziwo kutali ndi pamene ana amaseŵera, kenaka chapani ndi sopo wamba wa mtanda, mukutikita bwino m'khosi, m'makwapa ndi m'misoko, momwe nsalu idapindidwa kaŵiri. Mukatsukuluza, viikaninso zovalazo kwa ola limodzi m'madzi ena oyera m'mene mwathira kapu imodzi ya viniga woyera. Ngati viniga palibe, finyiranimo mandimu asanu kapena asanu ndi limodzi, mutasefa njere zake. Zoŵaŵasa zimenezi zimathandiza kuti nikotini asiye ulusi nkuloŵa m'madzi. Pomaliza tsukuluzani kaŵiri kapena katatu mpaka madzi akhale mbee, pakuti sopo wotsalira nayenso amayabwa khanda.

Soda ndi viniga musazithire m'chidebe chimodzi. Zimachita thovu lokondweretsa maso, koma thovulo ndi chizindikiro chakuti zaphana mphamvu, ndipo mwatsala ndi madzi amchere chabe. Choopsa kwambiri nkusakaniza viniga kapena mandimu ndi mankhwala oyeretsera nsalu monga Jik. Zimenezi zikakumana zimatulutsa mpweya wa klorini umene umaotcha m'maso ndi m'mapapo, ndipo mai wochapa ataŵerama pa chidebe, mwana ali kumsana, onse aŵiri amaupuma.

Ntchitoyi ichitikire m'chidebe, ndi madzi a pa mjigo ngati ulipo pafupi. Tikudziŵa kuti nyanja ili pakhomo ndipo kuchapa pamchenga ndi anzathu nkokoma, koma kuviika kwa usiku wonse sikungatheke m'mafunde, ndiponso mai wa khanda sayenera kuima nthaŵi yaitali m'madzi odikha a m'bango, m'mene mumakhala nkhono za likodzo.

Pa kuyanika mpamene tifuna kuimapo pang'ono, chifukwa chizoloŵezi chathu cha kunyanja nkuyala zovala pamchenga kapena pa udzu. Zovala za khanda zisayalidwe pansi. Pali ntchentche imene imaikira mazira ake pa dothi la mchenga ndi pa nsalu zonyoŵa, makamaka pamthunzi ndi pamene pali fungo la mkodzo. Mazirawo akaswa, timphutsi take timaboola khungu nkumakulira m'menemo, ndipo mwana amatuluka zotupa zonga zithupsa, usiku wonse kulira kosatonthola. Taonapo makanda otere, ndipo kaŵirikaŵiri makolo amayamba kuganizira za anthu oipa pamene mlandu uli pa theŵera loyanikidwa pansi. Yanikani pa chingwe, padzuŵa lenileni, mpaka ziume gwa. Kenaka sitani mbali zonse ziŵiri, osaphonya misoko. Simbi yotentha imapha mazirawo. Ngati simbi yanu ndi ya makala, dikirani makalawo ayake mpaka kuleka kufuka, kuti mungachotse utsi wa ku Johannesburg nkuikamo wa kwathu konkuno. Nsalu zoterera ndi za lasitiki muzisite mutayalapo chitenje pamwamba.

Mukatha zonsezi, yesani ntchito yanu motere. Ikani chovala chouma m'jumbo yoyera, mumange kukamwa, muisiye padzuŵa kwa ola limodzi, kenaka mumasule ndi kununkhiza. Wonunkhizayo akhale munthu wosasuta, pakuti mphuno ya wosuta idazoloŵera kale. Fungo likamvekabe, bwerezani kuyambira pa soda. Zovala zambiri zopyapyala zimayera pa ulendo wachiŵiri kapena wachitatu. Koma zilipo zina zokanika: majekete okhala ndi thonje kapena siponji m'kati, timapilo, ndi zidole zansalu. Madzi saloŵa mokwanira m'kati mwake, ndipo ngakhale fungo litachepa sitingatsimikize kuti zonse zatuluka. Chinthu chotere chikakana katatu, chilekeni. Chisafike pa thupi la mwana.

Za mafuta onunkhira sitichulutsa mau. Amangofunda fungo limodzi ndi linzake, nikotini ali pomwepo, ndipo mwana mwamuonjezera chinthu china choti chimuyabwe. Koma za timibulu toyera tija tichenjeze kolimba. Tambiri timapangidwa ndi mankhwala otchedwa nafitalini, amene nthunzi yake imaloŵerera m'nsalu. Ana ambiri a kuno ku Africa, makamaka aamuna, amabadwa ndi magazi osapirira mankhwala ameneŵa, ndipo makolo sadziŵa. Khanda lotere likavekedwa chovala chosungidwa ndi timibuluto, magazi ake amatha kuonongeka, maso ndi khungu nkusanduka zachikasu. Chikasu chotere chikakula chimavulaza ubongo. Mukaona khanda lachita chikasu, thamangirani nalo kuchipatala tsiku lomwelo. Zovala zoyera zisungidwe m'chikwama chotseka, m'chipinda chogona, kutali ndi khitchini ndi kumene tikuŵamba nsomba.

Tsopano tilankhule ndi abambo, ndipo tilankhula mwaulemu, podziŵa kuti ndife dziko lolima fodya. Akhristu anzathu ambiri ku Mzimba, ku Rumphi ndi ku Kasungu amaphunzitsa ana ndi kupereka chopereka kuchokera m'ndalama za fodya, ndipo sitikuloza chala mlimi. Ngakhale zili choncho, m'chaka cha 2023 boma la Malaŵi lidavomereza pangano la bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, lochepetsa kuipa kwa fodya, ndipo bungwe lomwelo limaŵerengera kuti chaka chilichonse utsi wa anthu ena umapha anthu osasuta oposa miliyoni imodzi. Mwa ana, utsiwu umachulukitsa chibayo, chifuwa cha mphumu, matenda a m'makutu, ndiponso imfa ija yodzidzimutsa ya khanda lomwe lagona lili bwinobwino.

Taganizani tsono, Ada. Mai waviika usiku wonse, wachapa, watsukuluza katatu, wasita mpaka msana kuŵaŵa. Inu mwabwera kuchokera ku usodzi wa usiku, kumene kuzizira kwa panyanja kudakusutitsani ndudu zingapo, ndipo chifukwa cha chikondi chenicheni mwanyamula mwana nkumuika pachifuwa, nkhope yake pa jekete lanu. Ntchito ya masiku atatu yathera pomwepo. Kusutira pazenera kapena pakhonde chitseko chili chotsegula sikuthandiza kwenikweni, chifukwa utsi umabwerera m'nyumba. Ngati kuleka kwakukanikani pakali pano, sutirani kutali ndi nyumba, khalani ndi malaya amodzi osutira amene azitsala panja, ndipo sambani m'manja ndi kumaso musanagwire mwana. Alendo nawonso auzidwe zomwezo. Pamwambo wathu nkovuta kuti mkamwini kapena mtengwa auze apongozi kuti akasutire kumtengo wa mango, choncho mau ameneŵa atuluke pakamwa pa mwini nyumba, kapena pa mkulu wa mpingo wa m'deralo pamene wabwera kudzaona khanda.

Mai uja adatsata njira imeneyi. Timalaya, tizipewa ndi mashawelo zidayera pa ulendo wachiŵiri. Kadiresi koyera kadafuna maulendo atatu, ndipo ndi komweko kamene mwanayo adavala pa ubatizo. Kajekete kokhuthala kadakana ndithu, ndipo lero kali m'bwato la amalume ake a mwanayo, kakugwira ntchito ya chokhalira. Kwa mlamu wake maiyo adatumiza chithunzi cha mwana ali m'kadiresi kaja pamodzi ndi mau othokoza, osatchula za fungo. Mlamuyo walonjeza kubwera pa Khrisimasi kudzaona mwana, ndipo amuna ake a maiyo avomera kuti za kusutira kumtengo wa mango adzamuuza ndi iwo, pakuti ndi mkulu wao wa bere limodzi.